Chitsulo Chimene a Mtonga Anachitcha Gidiyoni

A Yotamu Mtonga tinawaika m'manda mwezi wathawu, anthu ali pakalikiliki wokumba mtedza. Kumaliro ndinapita, poti ife a mumsika tili ndi lamulo lathu: akamwalira mnzathu wa pamalonda, ngakhale amene munkatukwanana naye, umaphimba benchi n'kunyamuka ndi nkhuni pamutu. Nkhuni ndinasenza, madzi ndinatunga, nyimbo ndinavomera. Misozi yokha ndiyo ndinaisiya kunyumba. Mlaliki anati kwagwa mtengo waukulu, munthu wokonda ana a anzake, wosunga mbiri ya masewero m'boma lonse la Lundazi. Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi kwanga. Tsono poti onse ayankhula zawo, lekani nanenso ndinene za munthu amene ndinayandikana naye kuyambira tsitsi langa lili bii mpaka lero layera.

Anali mmisiri wa zidebe. Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango, kumunsi kwa msika, pamene anyamata a njinga amakhotera. Benchi yanga ya tomato ndi mtedza ili pafupi pomwepo, moti akayetsemula ndinkaphimba malonda. Ankakhoma ndowa, mbaula, makeni othirira kudimba, komanso kuika matako atsopano pa mapoto obooka. Pa ntchito sindingawanamizire, ndowa yawo sinkadontha. Chinkadontha ndi pakamwa pawo.

Anali wamtali, wowonda, miyendo ngati ya kakowa, ndipo mpaka ukalamba ankayenda monyang'ama, zidendene zosafika pansi, kuti mlendo afunse chifukwa chake. Ukangofunsa, wakodwa. Poto wako adzadikira mpaka dzuwa lipendeke, iwo akukufotokozera za nkhonya zimene ankamenya ali mnyamata ku migodi, Chitumbuka, Chinyanja ndi Chibemba zonse m'kamwa limodzi.

Pa thunthu la mango uja anakhomapo misomali isanu, wina pamwamba pa unzake ngati makwerero. Pa msomali uliwonse pankapachikidwa nyundo, ndipo nyundo iliyonse inali ndi dzina la katswiri wa nkhonya. Pamwamba penipeni pankakhala ya mutu wosalala, yonyezimira, ya munthu wina wa ku Amerika amene ankamumva pa wailesi. Dzina lake lilime langa linalikana, mumsika tinkangoti Mmerika. Pansi pake pankabwera Mphepo wa ku Mufulira, amene ankati anamuona ndi maso awo akutupitsa nkhope ya munthu, mwini nkhopeyo asanaphethire. Kenaka Tambala wa ku Kasungu, kenaka Dalaivala wa ku Chipata. Pa msomali wotsiriza anadziikapo okha, kanyundo kakang'ono kosongoka, ndipo ankati kumeneko ndiye kudzichepetsa.

Nyundozo sizinkakhala malo amodzi. Wailesi ikanena kuti kwinakwake wina wagwetsedwa, kapena pakabwera mlendo ndi mkangano watsopano, a Mtonga ankaimirira, n'kupukuta manja pa ovolosi, n'kuyamba kusuntha nyundo, anthu ali duu ngati m'khoti. Dalaivala anakwerapo mpaka pachiwiri chaka china, n'kutsikanso zitamveka kuti anathawa mdani ponamizira malungo. Tambala anachotsedwapo nyengo yonse ya mvula chifukwa amalonda a ku Kasungu anamutama mopitirira muyeso, a Mtonga n'kupsa mtima. Amuna akuluakulu a ndevu zawo ankasiya ngolo za fodya padzuwa n'kumakangana za msomali wachitatu, akazi awo akudikira mchere kumudzi. Zaka zaposachedwazi achinyamata ankawabweretsera mafoni kuti aone akatswiri atsopano. Iwo ankaphimba theka la foni ndi chala chachikulu, n'kumangoyang'ana miyendo yokha. Akatero amabweza foni n'kunena kuti ameneyu pamtengo pano alibe malo.

Muyeso wawo unali umenewo. Ankati nkhonya si manja, ndi mapazi. Ankati ngwazi yeniyeni uizindikire ikakalamba: mphuno ili chilili, mano onse alimo, mayina a zidzukulu ikuwatchula osasokoneza. Ankati kumenya aliyense amamenya, ngakhale mbuzi imagunda, koma luso ndi kusapezeka pamene nkhonya ya mnzako ikufikira. Munthu amene amangoima n'kumalandira, kudikira mwayi umodzi, ankati si wankhonya ayi, ndi thumba la chimanga lovala kabudula.

Mawu otsirizawo ankawanena akuyang'ana benchi yanga.

Pakuti pansi pa misomali yonseyo, padothi, panali chidutswa cha njanji chotalika ngati mkono, chimene anabwera nacho pa lole kuchokera ku migodi. Pamenepo ndiye ankakhomerapo malata onse. Chitsulo chimenecho anachitcha Gidiyoni. Gidiyoni anali mlongo wanga wopondana nane, mwana amene ndinkamubereka kumbuyo amayi akapita kumunda.

Ndiye taganizani. Tsiku lililonse kupatula Lamulungu, kungocha, ngwe, ngwe, ngwe. Akafuna kusangalatsa makasitomala ankatsitsa nyundo ya pamwamba n'kulengeza kuti lero Mmerika akumana ndi Gidiyoni, raundi yoyamba, anthu n'kumagwa ndi phwete. Akamenya kangapo ankaima, n'kutembenukira kwa ine, n'kundiitana monga aitanira Atumbuka.

"Nyabanda, mukupulika, mukumva? Mlongo wanu akuyankha moni."

Chimene sankawauza makasitomalawo ndi chifukwa chake khutu lawo lakumanzere silinkamva. Alendo ankawauza kuti linafa ndi bomba la mumgodi. Bomba limenelo ine ndinaliona likuphulika, ndipo linali lopanda nsapato.

Kunali ku chiwonetsero cha zaulimi pa boma pompano, masiku aja ng'ombe zikatha kuonetsedwa ankazika mitengo inayi pabwalo n'kumangirira zingwe za khonje. A Mtonga anali atangobwera kumene ku migodi, ndi nsapato zoyera, ndi chovala chonyezimira chofika m'mawondo, akuyenda mumsika kufunsa ngati ku Lundazi kuno kumabadwa amuna. Gidiyoni nthawi imeneyo ankasenza matumba pa depoti ya chimanga. Nkhonya anaphunzira kwa wapolisi wina amene ankamumenyetsa thumba la mchenga kuseri kwa kampu. Sanali wolongolola. Anzake a pa depoti ndiwo anamukankhira m'zingwemo, iye wopanda nsapato, magolovesi obwereka. Akazi sankatilola kufika pafupi, choncho ine ndinakwera pachulu, mwana ali kumbuyo.

Ndinene zoona, poti wakufayo sangandiyankhe: a Mtonga ankavina tsiku limenelo. Gidiyoni akaponya, apeza mphepo. Akatembenuka, yamupeza pamphuno. Mlomo unang'ambika, diso limodzi linatsekeka, magazi akutsikira pachifuwa. Anthu anayamba kukuwa kuti aleke, aphedwa mwana wa eni. Ine ndinaphimba nkhope ndi chitenje, koma ndinkasuzumira pachibowo. Mlongo wanga sankabwerera m'mbuyo. Ankangopita kutsogolo ngati ng'ombe ya pagoli, raundi iyi, raundi inayo, mpaka kuvina kuja kunayamba kuchepa. Kenaka ndinaona chimene aliyense anaona: zidendene za nsapato zoyera zija zinafika pansi. Dzanja lamanja la Gidiyoni linachokera kumunsi n'kukatera pakhutu. Phokoso lake linali ngati ukagwetsa dzungu pamwala. Refa anawerenga mpaka kumaliza, ndipo akanafuna akanayambiranso. A Mtonga anawachotsa pabwalo pa wilibala yomwe ankatutira ndowe za ng'ombe za chiwonetsero. M'zingwe sanalowemonso moyo wawo wonse.

Gidiyoni anapitiriza. Anakamenya ku Chipata, ku Katete, anawoloka malire kukafika ku Kasungu, kumene anagwetsa Tambala yemwe uja wa pamsomali wachitatu, n'kumusiya atakhala pansi akufunsa anthu kuti basi yanyamuka kale kapena ayi. Mlongo wanga sanagwepo ndi kamodzi komwe. Ndiye mundiuze inu odziwa masamu, poti ine kusukulu sindinapondeko: munthu amene anagwetsa wachisanu, n'kugwetsanso wachitatu, malo ake akhale padothi?

Akulu amene anaona nkhondo ija akawakumbutsa, a Mtonga anali ndi mayankho awiri. Loyamba, ankati mtengo ukakugwera panjira sitinena kuti mtengowo ndi wankhonya. Lachiwiri ndilo linali loipitsitsa. Ankatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kulozetsa khutu lakufa lija kwa wofunsayo, n'kunena kuti nkhupulika yayi, sindikumva. Khutu limene mlongo wanga analitseka ndi lomwe ankatsekera nalo dzina lake.

Tsono nkhonya zimene Gidiyoni analandira sizinapite pachabe, zinamudikira. Asanakalambe n'komwe manja anayamba kunjenjemera, lilime kulemera, njira ya kwawo kumusokonekera. Ena ankati amulodza, ena ankati ndi kachasu, chonsecho mowa sankaulawa. Mkazi wake anabwerera kwawo, ine n'kumutenga. M'mawa ankanditsatira kumsika atasenza dengu la tomato, ndipo ndikangotembenuka ndinkamupeza atakhala pansi pa mango, pambali pa a Mtonga. Ndinamukalipira, ndinamukoka dzanja, osatheka. Ankawagwirira malata akamadula. Akamva dzina lake likutchulidwa pa chitsulo chija, ankaseka, malovu akutsika, n'kumaomba m'manja pa raundi iliyonse. A Mtonga ankamuloza ndi nyundo n'kuuza achinyamata kuti amuyang'anitsitse, ameneyu ndiye amati anapambana, tamufunsani kuti lero ndi lachingati.

Anthu ena adzakuuzani kuti a Mtonga ankamugulira tiyi ndi banzi tsiku ndi tsiku. N'zoona. Adzakuuzani kuti ana asukulu atamugenda ndi makoko a mango, a Mtonga anawathamangitsa ndi sizasi yodulira malata mpaka pa siteji ya maminibasi. Nazonso n'zoona. Mvula ikagwa ankamufunditsa jekete lawo. Sindikukana. Koma woweta nyani pachingwe nayenso amamudyetsa, kuti mawa anthu adzabwerenso kudzaonera.

Gidiyoni atamwalira tinakamuika kwathu kwa Mwase. A Mtonga anabwera pa njinga ulendo wonsewo, fumbi mpaka m'nsidze, ndipo akuluakulu ataona munthu wa imvi wachokera kuboma, anamupempha kuti anene mawu pamanda monga bwenzi la malemu. Ine ndinali pansi pakati pa azimayi, sindikanatha kuletsa. Anaimirira monyang'ama muja, chipewa m'manja. Anati pa anthu onse amene anakumana nawo m'zingwe, sanaonepo mutu wolimba chotere. Anati dzanja lamanjalo linali ngati ekiselo ya ngolo. Mtima wanga unayamba kutsika, ndinati lero anena. Kenaka anatsokomola, n'kunena kuti koma pamaso pa Mulungu bodza silifunika, malemuwa analibe mapazi, ndipo pa asanu aja sangawaikepo. Anati misomali ikanakhala khumi, mwina akanaganizapo.

Adzukulu okumba manda anazyolika. Mlaliki anayambitsa nyimbo mwamsangamsanga, yosagwirizana ndi pomwe tinali. Pamaliro munthu amatamidwa ngakhale anali mbava, ndiwo mwambo umene tinaupeza. Mlongo wanga sanabepo nkhuku ya munthu, koma anatsikira m'dzenje akuuzidwa kuti sakukwana.

Nditameta n'kubwerera kumsika, dengu sindinalitule pabenchi. Ndinaliika pansi n'kulunjika pamango. Panali anthu ambiri tsiku limenelo, a ku Kasungu atabwera ndi nsalu zawo. Sindinapereke moni. Ndinanyanyamphira, n'kutsitsa Mmerika pamsomali wake, nyundo imene palibe ankaikhudza kupatula mwini wake. Ndinaigwira ndi manja awiri monga tigwirira munsi, n'kuyamba kusinja pa chitsulo chija. Ndinasinja mpaka mapewa kuwawa, msika wonse utaima. Kenaka mpini unati thyo, mutu wonyezimira uja n'kuuluka kukagwera pamulu wa kapenta wa mayi wina.

"Wanu woyambayo ndi uyo wathyoka khosi," ndinatero ndikupuma mwabefu. "Wanga ali pomwepo. Auzeni anthuwa, a Mtonga, anakugwetsani ndani?"

Sanatembenuze khutu tsiku limenelo. Anadzuka, n'kukatola mutu wa nyundo uja, n'kuupukuta kapenta ndi malaya awo. Anapapasa chitsulo chija ndi chikhatho ngati akufuna pamene chabowoka, osapapeza.

"Chitsulo sichipambana, Nyabanda," anatero osakweza mawu. "Chimangotsala."

M'mawa mwake Mmerika anali pamsomali wake ndi mpini watsopano wa muwanga, ndipo raundi yoyamba inayamba ine ndisanayale tomato. Kuchokera pamenepo moni unatha pakati pathu. Mdzukulu wanga akafuna kukhometsa ndowa ndinkamutuma kutsidya, kwa mmisiri wina wa ntchito yodontha, ndipo ndinkalolera kunyowa.

Chaka chino mvula itatha, ngwe ngwe uja analeka. Tinamva kuti agona, miyendo yatupa, mapazi aja amene ankawanyadira sakulowanso m'nsapato. Kuchipatala anawabweza. Anzanga a mumsika anandiuza kuti ndipite, munthu asapite ndi chidani. Ndinapita, koma osati chifukwa cha zimenezo. Onse amene anaima pabwalo la chiwonetsero tsiku lija anatha. Tinatsala awiri, ine wa pachulu ndi iwo a m'zingwe. Mawu a nkhalamba yogulitsa tomato ndani angawawerengere pa nkhani ya nkhonya? Ndinkafuna atchule okha dzina la mlongo wanga, pamaso pa ana awo, kuti likhale lomveka.

Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, mkazi wawo akuwakupiza, mwana wawo wamkulu wochokera ku Chipata atakhala pampando. Atandiona maso awo anawala monga ankachitira kukabwera mkangano watsopano. Anandilonjera, monire Nyabanda, n'kufunsa ngati tomato akuyenda. Ndinagwada pafupi, n'kunena kuti sindinabwerere tomato. Ndinati ana anu ali pano, auzeni za khutu lanu, auzeni kuti silinali bomba. Sindinapemphe msomali woyamba. Ndinati ngakhale wachisanu womwewo, mutsike inu, akwere iye.

Kenaka anapempha mkazi wawo kuti awatembenuze, mbali iyi yatopa. Mayiyo anawatembenuza mosadziwa kanthu. Khutu lamoyo linapita pamphasa, lakufa n'kuyang'ana kumwamba, kwa ine. Milomo yawo inkagwedera, ndipo ndikulumbira kuti kunali kuseka. Ndinawerama n'kunena dzina la mlongo wanga m'khutu limenelo, momveka bwino, kenaka ndinadzuka n'kumapita. Sabata isanathe tinamva kulira.

Pogawa katundu, nyundo zinabalalika. Mmerika anapita ku Chipata ndi mwana wamkulu uja, akuti akapachikira makatani. Mphepo wa ku Mufulira anatengedwa ndi mphwawo amene amaswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Tambala ndi Dalaivala ndinawaona atayalidwa pa thumba pamsika pompano, pakati pa maloko akale ndi mapedulo a njinga, wogulitsayo osadziwa kuti uyu ndani, uyu ndani. Kanyundo kosongoka kaja palibe akudziwa kumene kanalowera. Chitsulo nachonso anafuna kuchitenga, ogula zitsulo zakale anali atafika kale ndi sikelo yawo. Koma pa zaka zonse zija chikumenyedwa chinalowa m'dothi, ndipo muzu wa mango unachikumbatira mbali imodzi. Anyamata anayesa ndi mgwala, thukuta kamukamu, mpaka a komiti ya msika anawaletsa kuti angagwetse mtengo.

Ena ayamba kale kundiuza kuti mwina mkuluyo ankatanthauza zabwino, poika Gidiyoni pamene palibe angamusunthe. Amenewo sanamve kuseka kwa makasitomala kuja. Ine ndinakumva, ndipo sindinakhululuke.

Pansi pa mango tsopano pamakhala anyamata a njinga podikira anthu. Misomali isanu ija ikadalipo, yachita dzimbiri. Wapamwamba amakolekapo majekete, wachitatu wina anapachikapo chubu chobooka. Pamene pankakhala mpando wa a Mtonga pali kadzenje ka miyendo yake, ndi tizidutswa ta malata timene dzuwa likawomba timanyezimira. Anyamatawo nawonso amakangana za nkhonya, mitu itaunjikana pa foni imodzi, uyu akuti wakutiwakuti ndiye woposa onse chiyambire dziko, uyo akukana. Ndimatchera khutu ndikuyala tomato. Mayina onse ndi achilendo. La Gidiyoni silimvekanso mumsika muno, ngakhale monyoza.

Dzana mmodzi wa iwo pedulo yake inapindika. Anayang'anayang'ana pokhomera, n'kuona chitsulo chija pakati pa mizu. Anachotsa masamba ndi phazi, n'kuikapo peduloyo, n'kutola mwala. Ngwe. Ndinapezeka nditaimirira, tomato ali m'manja, ndikudikira kuti wina anditchule. Mnyamatayo anawongola pedulo yake, n'kutaya mwala, n'kukwera njinga kumapita.